Mashilingi a M'mphika: Siliva wa Angerezi m'Dziko la Undi

M'midzi yozungulira Mkaika, kuyambira kunsi kwa mapiri a Mphangwe kufikira ku Kapoche ndi kumalire a Vubwi, si zachilendo kuti munthu wogumula nyumba yakale, kapena wokumba dothi la njerwa pabwinja, atulutse kamphika kapena kachitini kodyeka ndi dzimbiri, muli tindalama takuda tokhala ndi mutu wa mfumu ya kutsidya kwa nyanja. Ndipo m'mabokosi a mbumba zambiri, pansi pa nsalu za ambuye amene anatisiya kale, mumapezekabe kansanza komangidwa mfundo, mkati mwake muli mashilingi awiri kapena atatu. Wotola zoterezi amafulumira kufunsa kuti angazigulitse zingati. Funsolo n'labwino, koma silingayankhidwe munthu asanadziwe kuti ndalamayo ndi yayani, ya chaka chiti, ndiponso kuti yaperepeseka motani. Tsono popeza zimenezi zalukana ndi mbiri ya m'mene siliva wa Angerezi anafikira m'dziko la Kalonga Gawa Undi, ndi ntchito imene anagwira atafika, n'koyenera kuyambira komweko.

Makolo athu chuma anali nacho, koma sichinali cholira m'thumba. Pamene Monteiro ndi Gamitto, Apwitikizi ochokera ku Tete, anadutsa m'maiko a Amaravi ndi Achewa mu 1831 pa ulendo wawo wa kwa Mwata Kazembe, cholipirira njira ndi chakudya chimene ananyamula chinali nsalu ndi mikanda. Ndipo kwa zaka zambiri pambuyo pake khasu la mmisiri wa m'mudzi, mchere, mbuzi, nkhuku ndi mkono wa nsalu ndizo zinali muyeso wa malonda, wa milandu ndi wa maukwati. Mitulo imene mafumu ankapita nayo kukalamba kwa Undi inali minyanga ya njovu, zikopa za mikango ndi akambuku, nthenga zofiira ndi zakudya.

Ndalama yasiliva inalowa kuno potsata mfuti, ndipo chimene chinaikhazika pansi ndi msonkho. Mu Januwale 1898 asilikali ochokera ku Nyasaland anagonjetsa Angoni a Mpezeni, ndipo mwana wake Nsingo anaphedwa. Chaka chotsatira Robert Codrington anakhazikitsa boma la British South Africa Company pa Fort Jameson, pamene lero tikuti Chipata. Ndipo pofika 1901 nyumba iliyonse ya m'North-Eastern Rhodesia inayenera kupereka mashilingi 3 pachaka. Tilingalire kulemera kwa lamulo limeneli pa anthu amene ambiri a iwo anali asanagwirepo shilingi chibadwire. Nkhokwe ikhale yodzaza, khola likhale lodzaza, koma bwana wa msonkho akafika pabwalo la mfumu ndi amesenjala ake ndi buku lake, ngakhale poyamba ankalandira ntchito kapena zokolola m'malo mwake, posakhalitsa chimene ankafuna chinali kachitsulo koyera kamene sikamera m'munda, kamenenso mmisiri aliyense wa m'dziko muno sakanatha kukasula.

Ena anakapeza pafupi, ponyamula katundu wa azungu pamutu, pogwira ntchito m'minda ya fodya pamalo amene kampani ya North Charterland inadzitengera, kapena pophunzitsa ndi kuumba njerwa pamamishoni a Dutch Reformed Church, amene anatsegula Magwero mu 1899, Madzimoyo mu 1903, ndi Nyanje, kufupi ndi Sinda, mu 1905. Koma malipiro a kuno anali ochepa, ndipo unyinji wa anyamata unatsika kummwera wapansi, kuwoloka Zambezi pa Tete kapena pa Feira, kukafuna ntchito ku Halale, kumigodi ya Shamva ndi Wankie, ena mpaka ku Joni. Amene anabwerako, pakuti si onse anabwerako, anadza ndi bokosi, bulangete ndi siliva wobisa m'lamba. Ndalama yapepala sanaikhulupirire kwenikweni, ndipo sitingawadzudzule: pepala chiswe chimadya, moto wa nyumba yaudzu umanyeketsa, mvula ya paulendo imaononga, pamene shilingi ungaikwirire pansi pa mafuwa zaka khumi, nuipeza ili chikhalire.

Pali chinthu chimodzi chimene wosonkhanitsa ndalama zakale wa kuno ayenera kuchisunga mumtima asanayambe kulota za mitengo. Mashilingi oyamba kufika m'dziko lino anafika ali okalamba kale. Kulemera kwa ndalama zasiliva za Angerezi kunakhazikitsidwa mu 1816, pamene analamula kuti paundi imodzi ya siliva pa sikelo ya osula golide izitulutsa mashilingi 66; ndipo popeza lamulolo silinasinthe, shilingi yosulidwa ku Royal Mint ya ku London mu 1870 inali yogula chimodzimodzi ndi ya 1900, kotero kuti ina imene mnyamata wa kwa Kawaza kapena wa kwa Mbang'ombe analandira pa malipiro ake oyamba inali itayenda kale zaka 30 m'matumba a anthu a ku England ndi ku Cape.

Wofuna kuzindikira ndalama ayambe ndi mutu, pakuti chaka chimafufutika msanga koma maonekedwe a mutu amakhalitsa. Mfumukazi Victoria, amene analamulira kuyambira 1837 kufikira 1901, pa mashilingi amaoneka mitundu itatu, ponseponse akuyang'ana kumanzere. Poyamba ndi namwali wopanda chisoti, tsitsi lomangidwa kumbuyo, monga anamjambulira William Wyon. Kuyambira 1887, chaka chokondwerera zaka 50 za ufumu wake, ndi mayi wachikulire wokhala ndi kachisoti kakang'ono kotsamira pamwamba pa mutu, ntchito ya Joseph Edgar Boehm imene Angerezi eni ake anaiseka. Ndipo kuyambira 1893 ndi nkhalamba yamasiye yofunda nsalu kumutu, ntchito ya Thomas Brock, ndipo apa ndi pamene zilembo IND IMP zinayamba kuoneka, kutanthauza ufumu wake wa ku India. Mwana wake Edward VII, wadazi ndi wandevu, ali pandalama za 1902 kufikira 1910, akuyang'ana kumanja. George V, wandevu nayenso koma watsitsi, ali pa za 1911 kufikira 1936, akuyang'ana kumanzere. Ndipo George VI, wometa, ali pa za 1937 kufikira 1952, nayenso kumanzere. Mwambo wawo ngwakuti mfumu yatsopano izifulatira imene yailowa m'malo, ndipo awiriwa ayang'ana kumodzi chifukwa pakati pawo panali Edward VIII, amene anatula pansi ufumu mu 1936 ndalama za mutu wake zisanatuluke.

Mutu ukadziwika, chotsatira ndi kukula ndi kulemera kwake, ndipo apa kasikelo kakang'ono kamaposa maso. Makobiri 12 ankapanga shilingi, mashilingi 20 ankapanga paundi. Tiki, ya makobiri 3, imalemera magalamu 1.41, susu, imene abale athu a ku Malawi ankati sikisi, 2.83, shilingi 5.66, florin, ya mashilingi awiri, 11.31, half crown, ya mashilingi awiri ndi theka, 14.14, ndipo crown, ya mashilingi asanu, imene kuno inkaoneka kamodzikamodzi, 28.28. Zina za m'masiku a Victoria sizinalembedwe mtengo wake konse, ndipo half crown inayamba kudzitchula dzina mu 1893; n'chifukwa chake ziwiri zija, florin ndi half crown, zosiyana mamilimita awiri kufikira anayi okha m'mimba mwake, zinali msampha wa anthu osadziwa kuwerenga. Ku South Africa florin ankaitcha Scotchman, ndipo nthano yake imati panali mzungu wa ku Scotland amene ankalipira antchito ake florin nawauza kuti ndi half crown. Florin ya Victoria ya 1851 kufikira 1887 imasokoneza ngakhale ophunzira, pakuti mfumukazi yavala chisoti, zilembo n'zopindikapindika zachikale, ndipo chaka chalembedwa kumbali ya mutu m'manambala achiroma, kotero kuti munthu wofuna 1872 ayenera kuwerenga mdccclxxii. Mkulu wake wa florin imeneyi, ya 1849, analibe mawu oti DEI GRATIA, ovomereza kuti ufumu n'chisomo cha Mulungu, ndipo anthu opembedza a ku Britain anaitcha ndalama yopanda Mulungu.

Akulu amene anaona masitolo a amwenye pa Katete ndi pa Fort Jameson amakumbukira bwino m'mene ndalama inkayesedwera. Mayi ankamasula mfundo ya pansonga ya nsalu ndi mano, natulutsa half crown yofunda ndi thukuta. Mwini sitolo ankaitenga ndi zala ziwiri, naiponya pathebulo logulitsira, napendeketsa mutu kumvetsera. Ikalira mokweza ndi mochedwa kuleka, nsalu inkayezedwa, koma ikagwa mogontha ngati mtovu, inkakankhidwa kubwerera kwa mwini wake popanda mawu. Khutu limenelo linali ndi ntchito, makamaka kuyambira 1920. Kufikira 1919 ndalama za Angerezi zinali ndi magawo 925 a siliva mwa magawo 1,000. Koma powerengera lamulo lija la 1816, siliva wa m'ndalama ankalingana ndi mtengo wolembedwa pandalamayo pamene aunsi inafika pa makobiri 66. Ndipo itatha nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene inatenga amuna ambiri a kuno kukhala amtengatenga, mtengo wa siliva unakwera kufikira makobiri 89 ndi theka mu Febuluwale 1920, kotero kuti shilingi yosungunula inaposa shilingi yogulira. Boma la Britain linachepetsa siliva kufika theka, nadzaza theka linalo ndi mkuwa ndi zitsulo zina. M'zaka zomwezo msonkho wa kuno unakwera kufika mashilingi 10. Mmwenye wa sitolo ankadziwa kuti siliva wachepa, koma mnyamata wa ku Wankie anakumbabe malasha omwewo pa shilingi yomweyo.

Zosulidwa m'zaka zoyamba za kusinthaku zimadziwika ndi mtundu: zikaperepeseka zimaoneka zachikasu chotuwa kapena zofiirira, ndipo zikagona m'nthaka yachinyezi zimatuluka ndi mawanga obiriwira a mkuwa, pamene za siliva wakale zimada bii kapena kutuwa mofanana ponseponse. Mu 1947 siliva anachotsedwamo yense, popeza Britain inayenera kubweza siliva amene inabwereka ku America pankhondo yachiwiri, ndipo kuyambira pamenepo mashilingi anali a mkuwa wosakaniza ndi nikelo. Masamu ake ngosavuta: mashilingi 6 a chaka cha 1920 chisanafike ali ndi aunsi imodzi ya siliva weniweni, kapena kupitirirako pang'ono ngati sanathe kwambiri, a 1920 mpaka 1946 afunika 11, a 1947 kupita m'tsogolo, ngakhale mudzaze lichero, mulibe siliva ndi pang'ono pomwe.

Komatu si ndalama iliyonse ya mutu wa mfumu ya Angerezi imene ili ya ku Britain, ndipo m'miphika ya kuno zosakanizika n'zambiri. Chizindikiro chachangu n'chakuti George V wa pandalama za ku Britain ali mutu mbee, wopanda chisoti. Mukamuona atavala chisoti, dziwani kuti ndalamayo inasulidwira maiko olamulidwa. Southern Rhodesia inayamba ndalama zake mu 1932, ndipo zinkayenda mwalamulo ku Northern Rhodesia ndi ku Nyasaland: tiki ya nsonga zitatu za mikondo, susu ya nkhwangwa zopingasa, shilingi ya mbalame yamwala ya ku Great Zimbabwe, ya mashilingi awiri ya mphalapala, ndi half crown ya chishango. Chodabwitsa n'chakuti kufikira 1942 zimenezi zinali ndi magawo 925 a siliva, kuposa za ku London za nthawi yomweyo. Zinatsika kufika theka mu 1944, ndipo siliva anatheramo mu 1947. Za mashilingi awiri za 1939 ndi 1946 n'zosowa, ndipo wozipeza asazipeputse chifukwa chosakhala za ku England. Za ku South Africa, zoyamba mu 1923, zinali ndi magawo 800 kufikira 1950. Shilingi ya East Africa, ya mkango woyenda patsogolo pa phiri, njaikulu ndithu m'maso, koma siliva wake sanapitirire gawo limodzi mwa magawo anayi. Za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, zoyamba mu 1955, zokhala ndi mutu wa Elizabeth II, ya mashilingi awiri ili ndi nkhwazi yogwira nsomba, za m'malonda zinalibe siliva. Ndipo m'zaka zomwezo ndalama za ku Britain zinaleka kulandiridwa m'masitolo a kuno. Kwacha itabwera pa 16 Januwale 1968, shilingi inasanduka 10 ngwee, susu 5 ngwee, ndipo zimene zinali m'nthaka zinatsala komweko.

Tsopano tifike pa kuyesa, pamene pagona mtengo. Amalonda a ndalama zakale a ku London, monga a Spink, amene kwa nthawi yaitali ankasindikiza buku la mitengo chaka ndi chaka, ali ndi makwerero awo. Pansi penipeni pali Poor ndi Fair, ndalama yosalala imene mutu wake watsala chithunzithunzi ndipo chaka chikuwerengeka movutikira. Pamwamba pake pali Fine, imene dzina lake limanyenga ambiri, pakuti ndi ndalama yoyenda kwambiri, zilembo zonse zikuwerengeka koma tsitsi ndi ndevu zafufutika pamalo otumphuka. Very Fine yatha pang'ono pamalo otumphukawo, zina zonse zili bwino. Extremely Fine kutha kwake kumaoneka pokhapokha munthu atayang'anitsitsa. Ndipo Uncirculated ndi imene sinagulepo kanthu, ikadali ndi cheza chake cha kosulira. Aamerika amayesa ndi manambala kuyambira 1 kufikira 70, njira imene William Sheldon anayambitsa mu 1949, ndipo makampani monga PCGS ndi NGC amatsekera ndalama m'kabokosi kapulasitiki, nambala yake italembedwa pamwamba. Khwerero limodzi lokha lingathe kuchulukitsa mtengo kangapo, ndipo n'chifukwa chake wogulitsa amakweza ndalama yake khwerero limodzi, wogula naitsitsa limodzi, aliyense akulumbira kuti maso ake ndiwo olungama.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tengani shilingi ya George V, tinene ya 1915, muigwire m'mphepete ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, osakhudza nkhope yake. Yalani kansalu pansi kuti ikapulumuka isagwere pasimenti. Khalani pakhomo pamene kuwala kukulowa cham'mbali, dzuwa lisaiombe mwachindunji, ndipo muziipendeketsa pang'onopang'ono pansi pa kagalasi kokuza zinthu. Yang'anani nsonga ya khutu la mfumu, tsitsi la pamwamba pa khutu, chikope ndi ndevu za pamlomo, pakuti kumeneko n'kumene chala cha munthu chimayamba kudya. Ngati mizere ya tsitsi ikuwerengeka umodziumodzi ndipo khutu lili ndi m'mphepete mwake mozungulira, muli pamwamba. Ngati khutu laphwatalala nilumikizana ndi tsitsi, mwatsika kufika Fine kapena kunsi kwake. Tembenuzani muone mkango woimirira pachisoti, nkhope yake ndi manyenje ake, ndi timiyala ta m'lamba wa chisoticho. Apa pafunika chilungamo pang'ono kwa mkangowo, chifukwa pandalama za 1911 mpaka 1926 mutu wa mfumu unali wotumphuka kwambiri, nukoka chitsulo chochuluka podinda, kotero kuti mphuno ya mkango imatha kukhala yophwatalala ngakhale pandalama yatsopano. Chosiyanitsa n'chakuti pamalo osadindika bwino cheza chimakhalapobe, pamene pamalo operepeseka pamakhala potuwa ndi pouma. Mfumu iliyonse ili ndi malo ake ofooka. Pa Victoria wachinamwali ndi tsitsi la pakhutu ndi timalamba ta kumutu. Pa florin ya Edward VII ndi chaka chenicheni, chimene anachiika potumphuka kunsi kwa mapazi a Britannia, mkazi wa kumbuyo kwa ndalamayo, n'chifukwa chake ambiri amapezeka opanda chaka. Pa half crown yake ndi chilembo P cha mawu oti PENSE pa lamba wozungulira chishango.

Woyesa moona mtima adzapeza kuti ndalama zambiri za m'midzi ya Katete, Sinda ndi Vubwi zimaima pa Fair kapena pa Fine, ndipo yofika Very Fine ndi mlendo wolandiridwa ndi nkhuku. Chifukwa chake n'chodziwika. Zinafika zokalamba, monga tanena, ndipo zitafika sizinagone m'kabati. Zinakhuzana m'mfundo ya nsalu pamodzi ndi mchenga ndi mchere. Zinaponyedwa m'fumbi la pabwalo posupa gule wamkulu ndi anamwali otuluka m'tsimba. Zinapita m'dzanja la ankhoswe pokambirana ukwati, m'mbale ya chopereka pa Nyanje ndi pa Chassa, m'bwalo la milandu la mfumu, nizibwerera ku boma pamsonkho kuti zikayambenso ulendo. Matiki ambiri anabooledwa ndi msomali kuti apachikidwe pakhosi pa mwana kapena asatayike, ndipo ma florin ena anakhomedwa m'mphepete mpaka kusanduka mphete. Kwa wa ku London ndalama yobooledwa, yopindika kapena yokhomedwa yafa basi, mtengo wake ndi wa siliva wake pa sikelo. Ndipo ine ndikuti pa muyeso wake walondola, ndipo wosonkhanitsa wa kuno amene amatseka bowo ndi mtovu, kapena kulibisa pojambula chithunzi, akudzichotsera ulemu pachabe. Alembe poyera kuti yobooledwa. Chokhacho chimene ndimakana n'chakuti tiki yoteroyo itayidwe m'mulu wa zosungunula, pakuti mwa zolemba zonse za pandalamayo, bowolo lokha ndilo linalembedwa ndi munthu wa kuno.

Choononga chachikulu koposa nthaka ndi chiswe ndi ukhondo. Dzanja lozolowera kukwecha poto ndi phulusa ndi mchenga mpaka adzionere nkhope, likagwira shilingi yakuda silipirira. Ena amathira ndimu, ena polishi wa mkuwa, ndipo ndalama imatuluka ili ngwee, mwini wake nakondwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pansi pa galasi pamaoneka timizere tosawerengeka topita mbali imodzi, cheza chakale chachoka chosabweranso, ndipo ndalama imene ikanaima pa Extremely Fine imagulidwa monga yotsukidwa, pa theka la mtengo kapena kucheperapo. Kuda kumene siliva amavala ndi zaka osonkhanitsa amakukonda, ndipo amakulipira. Dothi lokha ndilo lingachotsedwe, ndi madzi oyera ndi kasopo kofewa, kenako kuumitsa mogunditsa kansalu, osapukuta. Posunga, iliyonse ikhale m'kaenvulopu kake kapepala. Mapulasitiki ofewa amatulutsa utomoni wobiriwira pakapita zaka, ndipo mphira yomangira imadetsa siliva.

Za mphekesera ndinenepo pang'ono, popeza zawadyera anthu mbuzi ndi matumba a nshawa. Kumamveka nthawi ndi nthawi kuti kuli azungu ofuna ndalama ya mutu wa mfumukazi pa mtengo wa galimoto, kapena kuti ili ndi mphamvu yobisika, ndipo kanambala kakang'ono kamene kali pamwamba pa chaka pa mashilingi a 1864 mpaka 1879 kamasonyezedwa monga umboni. Komatu kanambalako kanali kongowerengera zidindo za kosulira. Mashilingi a zaka zambiri anasulidwa mamiliyoni, ndipo ukalamba wokha sukweza mtengo. Zosowa zenizeni zilipo, ndipo zimadziwika ndi maina: half crown ya 1905, imene anasula pafupifupi 166,000 zokha, pamodzi ndi anzake a 1903 ndi 1904, ndi shilingi ya 1905. Popeza n'zosowa, ndizonso zimene akuba amapanga kwambiri, ena posintha nambala yotsiriza ya chaka, ena poumba m'chikombole. Half crown yoteroyo iikidwe pa sikelo, ifanizidwe ndi magalamu 14.14, iyang'anidwe m'mphepete ngati muli msoko, ndi pankhope ngati pali timabowo ta thovu, ndipo kulira kwake kumvedwe poikhazika pansonga ya chala ndi kuigogoda ndi pensulo, pakuti kuiponya pathebulo monga ankachitira mwini sitolo kumasiya chipsera. Maginito amagwira zachitsulo zokha; za mkuwa ndi nikelo samazigwira, choncho kusagwidwa ndi maginito si umboni wa siliva.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi kuona za mumphika umodzi zikugawidwa tsiku lomwelo, uyu zitatu, uyu zisanu, mphikawo nuswedwa. Zili pamodzi zimanena zambiri zimene imodzi payokha singanene. Yachaka chotsiriza pa zonsezo imaonetsa kuti mphika sunakwiriridwe chaka chimenecho chisanafike: mukapezeka mbalame ya ku Zimbabwe, ndiye kuti ndi 1932 kapena pambuyo pake, mukapezeka mashilingi a mkuwa ndi nikelo, ndi 1947 kapena pambuyo pake. Koma wowerenga achenjere, chifukwa siliva atachepa anthu anaphunzira kusunga zolira bwino ndi kugulira zogontha, kotero kuti mphika wa Victoria ndi Edward okhaokha ukhoza kukhala wa munthu wosankha wa m'ma 1930. Za ku South Africa zimaloza ku Joni. Za mkango ndi phiri kawirikawiri zimaloza kwa msilikali wa Northern Rhodesia Regiment wa nkhondo yachiwiri. Ma escudo a Apwitikizi amaloza njira ya ku Tete yodzera pa Chanida. Zikalembedwa papepala zonse, pamodzi ndi dzina la bwinja, mfumu ya dera ndi zimene ambuye ndi atsibweni akukumbukira za mwini nyumbayo, mbumba imapeza chaka ndi njira ya kholo lake limene boma linalilemba m'buku la msonkho lokha.

Pali ndi lamulo loyenera kulidziwa asanabwere wogula wa kunja. Lamulo la Zambia la 1989, limene linakhazikitsa National Heritage Conservation Commission, linaika m'gulu la zinthu zotetezedwa zonse za mbiri zimene zinapangidwa kapena kugwiritsidwa ntchito m'dziko muno tsiku la 1 Januwale 1924 lisanafike, chaka chimene British South Africa Company inapereka dzikoli ku boma la Britain. Wofukula zotere ayenera kudziwitsa bungwelo, ndipo kuzitulutsa kunja kwa dziko kumafuna chilolezo. Mphika wa mashilingi a Victoria ndi Edward VII wofukulidwa pabwinja la kwa Kathumba kapena kwa Pembamoyo ukhoza kugwa m'gulu limeneli, ndipo n'kwanzeru kuuonetsa kwa mfumu ndi kwa a bungwelo, kapena kutumiza zithunzi zake ku Livingstone Museum, usanakwere basi ya ku Lusaka.